Moscow, St Petersburg ndi Kazan: tinanyamuka anthu 12

Tsiku loyamba, Moscow

Tafika. Ndikulemba ndili m'chipinda cha hotelo, nthawi ndi 10 koloko usiku koma kunja kudakali mbee, moti ndatseka makatani kuti thupi livomereze kuti kwada. Kuno ali patsogolo pa Malawi ndi ola limodzi lokha, choncho chosokoneza mutu si wotchi ayi, ndi dzuwa la mu June limene silifuna kulowa.

Tilipo anthu 12. Zaka ziwiri zapitazi takhala tikusonkha ndalama mwezi ndi mwezi ngati mmene amachitira a banki mkhonde, ndipo ena amene tinayamba nawo anasiyira panjira. Pagulu pathu pali aphunzitsi opuma amene ndi wamkulu wa tonse, amayi awiri a geni ya nsalu ku Limbe, achimwene a ku Mangochi amene ndi Msilamu, banja lina la ku Mzuzu, ndi ife otsalafe. Tinanyamukira ku Lilongwe, n'kusintha ndege ku Addis Ababa, kenaka n'kutera pa bwalo la Domodedovo.

Chinthu choyamba chimene munthu wofuna ulendo ngati uno ayenera kudziwa ndi cha ndalama. Makhadi a Visa ndi Mastercard ochokera kunja anasiya kugwira ntchito ku Russia mu March 2022, nkhondo ya ku Ukraine itangoyamba. Tinachita kunyamula madola m'manja, ndipo mukudziwa kuvuta kwake kupeza madola kwathu masiku ano. Posintha kuti tipeze ma ruble, mayi wa pawindo anakana ndalama zitatu za amayi ena a nsalu chifukwa zinali zopindikapindika ndipo ina inali ndi kadontho ka inki. Amayiwo nkhope inagwa. Aphunzitsi anangoti, "Mayi, musadandaule, tabwera limodzi, tidya limodzi." Tinawasinthira ndi zathu zatsopano, zakalezo tidzaona nazo chochita tikabwerera.

Facebook ndi Instagram n'zotsekedwa kuno. Amene mukudikira zithunzi, pirirani pang'ono.

Tsiku lachiwiri, Moscow

Lero linali tsiku la sitima zapansi panthaka, zimene kuno amati metro. Wotiperekeza, mtsikana wa ku Moscow konkuno wolankhula Chingerezi, anatigulira makhadi otchedwa Troika n'kutichenjeza chinthu chimodzi: zitseko sizidikira munthu. Nthawi ya m'mawa sitima imabwera pakangotha mphindi imodzi ndi theka. Pa siteshoni yachiwiri yomwe, bambo wa ku Mzuzu analowa koma akazi awo anatsala panja. Tonse tinakuwa nthawi imodzi. Mwayi wake tinali titapangana kale kuti wotsala aime pomwepo osasuntha, ndipo wolowa atsike pa siteshoni yotsatira n'kubwerera. Sipanathe mphindi 10 tinakumananso. Kuyambira pamenepo aphunzitsi akumatiwerenga mokweza tisanakwere chilichonse, ngati ana a Sitandade 1, ndipo palibe akunyinyirika.

Metro ya Moscow inatsegulidwa mu 1935. Masiteshoni akale ali ngati nyumba za mafumu. Pa Komsomolskaya pali nyale zikuluzikulu zolendewera kudenga lachikasu, ndipo pa Ploshchad Revolyutsii pali ziboliboli za mkuwa, china mwa izo ndi galu amene mphuno yake yachita kuwala chifukwa odutsa amaisisita kuti apeze mwayi. Koma ine ndimafuna kuona zatsopano, ndiye tinakwera njanji yozungulira mzinda imene anamaliza mu 2023 ili yotalika makilomita 70 ndiponso ili ndi masiteshoni 31 pa nthawiyo. Kumeneko n'kwa galasi ndi zitsulo zokhazokha. Anthu ena amangoyang'ana kamera pakhomo chitseko n'kutseguka, chifukwa analembetsa nkhope zawo kuti zizilipira. Amayi a nsalu anafunsa funso limene nanenso linali mumtima: "Nanga nkhope zimenezi akuzisunga ndani?" Wotiperekeza anayankha kuti iye sanalembetse, amakonda khadi.

Anatiphunzitsanso kanthu kena kamene kanandikhudza. Pa njanji zambiri, mawu olengeza masiteshoni akakhala a mwamuna ndiye kuti sitima ikulowera pakati pa mzinda, akakhala a mkazi ikutuluka. Munthu wosaona amadziwa kumene akupita ndi khutu basi.

Madzulo tinakwera nyumba ya Federation Tower ku Moscow-City, dera la nsanjika zagalasi m'mbali mwa mtsinje. Ndi yotalika mamita 374, ndipo alendo amafika pa nsanjika ya nambala 89. Chikepe chinatitseka makutu. Pamwambapo amapanga ayisikilimu ndipo amakupatsa udye ukuyang'ana mzinda wa anthu pafupifupi 13 miliyoni utayalika mpaka kumene maso alekezera. Kwa munthu amene anakula akuona Kang'ombe House ngati nyumba yaitali, n'zochititsa kakasi. Komabe titatha theka la ola aliyense anali atajambula zokwanira ndipo ankafuna kutsika. Tikiti yake inalinso yodula kuposa chilichonse chimene talipira kufikira lero.

Tsiku lachitatu, Moscow

Tsiku ili ndilo lasintha ulendo wonse m'maso mwanga, ndiye mundilole ndifotokoze mofatsa.

Tinayambira pa Red Square monga amachitira aliyense, kujambulitsa patsogolo pa tchalitchi cha St Basil cha timitu tamitundumitundu. Kungotsika pang'ono kuseri kwa tchalitchicho kuli paki yotchedwa Zaryadye. Pamalopa panali hotelo yaikulu kwambiri ya nthawi ya Soviet Union, dzina lake Rossiya. Anaigwetsa kuyambira mu 2006, malowo anakhala kwa zaka ali otchingidwa ndi mpanda, ndipo mu 2017 anatsegula paki. Tangoganizani, malo oyandikana ndi Kremlin, linga limene muli likulu la boma, amene akanagulitsidwa ndalama zosawerengeka kuti amangepo mashopu, anadzalapo mitengo ndi udzu. Anabweretsamo zomera za zigawo zosiyanasiyana za dziko lawo, za m'nkhalango, za m'madambo, za kuchigwa chouma ndi za kumpoto kozizira. Kulowa ndi ulere.

Muli mlatho wooneka ngati chilembo cha V umene watulukira pamwamba pa mtsinje wa Moskva mamita 70 popanda mzati pansi pake. Suoloka mtsinje, umangopita n'kubwerera. Amayi wa ku Mzuzu anakana kupondapo. Amayi awiri a nsalu anawagwira mikono uku ndi uku n'kuyamba kuyimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi, ndipo anayenda nawo pang'onopang'ono mpaka kunsonga. Atafika kumeneko anatsegula maso, anaona makoma a Kremlin mbali ina ndi maboti akudutsa pansi pawo, n'kunena kuti, "Achemwali, mukanandisiya ndikanadandaula moyo wanga wonse."

Ine ndinakhala pa benchi nthawi yaitali ndikungoona anthu. Agogo okankha zidzukulu m'tingolo, ana a sukulu akudya ayisikilimu, mnyamata atagona pa kapinga akuwerenga buku. Panalibe mlonda wowafunsa chimene akufuna. Ndinakumbuka mabwalo amene tinkasewerapo mpira ku Ndirande ndi ku Chilomoni ndili mwana, angati alipo lero osamangidwapo mpanda wa njerwa?

Masana tinapita ku GES-2. Iyi inali nyumba yopangira magetsi kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, magetsi oyendetsera matilamu, tisitima toyenda m'misewu ya mumzinda. Itasiya ntchito sanaigwetse. Katswiri wojambula nyumba wa ku Italy, Renzo Piano, anaikonzanso ndipo inatsegulidwa mu December 2021 ngati nyumba ya zaluso. Mkati ndi moyera, denga ndi lagalasi, muli laibulale, holo ya nyimbo, malo a ana ndi zipinda zimene amisiri amagwiriramo ntchito. Machumuni ake aataliatali anawapaka buluu, ndipo m'malo motulutsa utsi tsopano amakoka mpweya wabwino wa m'mwamba kulowetsa m'nyumbamo. Kuseri anadzala kankhalango ka mitengo ya makungwa oyera ija imene kuno amaikonda kwambiri. Aphunzitsi, amene anaphunzitsa sayansi zaka zambiri, anaima pansi pa chumuni akupukusa mutu mosangalala, n'kumatifotokozera mmene mpweya ukuyendera ngati tili m'kalasi. Polowa tinangolembetsa maina, sitinalipire.

Tsiku lachinayi, Moscow

M'mawa tinali ku VDNKh, bwalo lalikulu la zionetsero limene linatsegulidwa mu 1939. Tinaona chifaniziro cha roketi ya Vostok, mtundu umene unanyamula Yuri Gagarin mu 1961, ndipo achinyamata a pagulu anakwera chigudumu chozungulira chotchedwa Dzuwa la Moscow, chotalika mamita 140. Masana tinakwera tingolo toyenda pa chingwe kuchokera pa phiri la Vorobyovy Gory kuoloka mtsinje kukatsikira pa bwalo la Luzhniki, pamene France inagonjetsa Croatia 4-2 mu ndime yomaliza ya World Cup ya 2018. Abambo a pagulu anakangana za mpira umenewu mpaka pa chakudya.

Koma chimene ndikufuna kulemba ndi madzulo. Mmodzi wa ife ali ndi mwana wa mlongo wake amene akuphunzira pa yunivesite ya RUDN, imene inakhazikitsidwa mu 1960 ndipo mu 2023 inabwezeredwa dzina la Patrice Lumumba. Mnyamatayu anatiitana ndi anzake awiri a ku Zambia, ndipo anatiphikira nsima. Ufa wa chimanga wonga wathu kuno ndi wosowa, ndiye amagwiritsa ntchito manka, ufa wa tirigu wa mseremsere umene eni dziko amaphikira phala. Nsima yake ndi yofewa, yomata pang'ono, koma pambuyo pa masiku anayi a msuzi wa borsch ndi buledi wakuda, palibe anasiya mbamu. Amayi a nsalu anatulutsa usipa umene ananyamula, mnyamatayo anangougwira m'manja n'kukhala chete kwa kanthawi.

Anatiuza za moyo wake mosabisa. Chaka choyamba chonse amaphunzira Chirasha chokha. M'nyengo yozizira dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko masana. Kulandira ndalama zochokera kumudzi kunavuta kwambiri kuyambira 2022. Aphunzitsi anamufunsa, "Mwanawe, ukadzamaliza udzabwerera?" Iye anati, "Ndidzabwerera, agogo, kuno ndi kusukulu chabe."

Tsiku lachisanu, St Petersburg

Tinakwera sitima ya Sapsan pa siteshoni ya Leningradsky. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 650, ngati kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mzuzu, ndipo tinauyenda maola anayi. Kapu ya tiyi inali patebulo osatayika. Pawindo tinkangoona nkhalango, madambo ndi timidzi ta nyumba zamatabwa, zina zopendekeka ndi ukalamba. Russia wa pawindo la sitima ndi wosiyana kwambiri ndi wa nsanjika zagalasi uja.

Sindingalembe za ulendowu n'kudumpha nkhondo. M'misewu ya Moscow ndi kuno komwe muli zikwangwani zoitana amuna kuti alowe usilikali, zolembedwa ndalama zimene adzalandire ndi manambala akuluakulu. M'malesitilanti anthu akudya ndi kuseka, koma zikwangwanizo zili pomwepo pa siteji ya basi. Wotiperekeza wathu wa kuno salankhulapo, nafenso sitinamukakamize, chifukwa tikudziwa kuti malamulo a kuno ndi okhwima pa nkhani imeneyi. Ife a ku Malawi nkhondoyi tinaimva m'thumba pamene feteleza ndi mafuta zinakwera mtengo mu 2022, ndipo ambiri mukukumbuka matani 20,000 a feteleza amene anachokera ku Russia mu 2023. Koma kuona nkhope ya mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga pa chikwangwani ndi nkhani ina. Usiku uno ndapempherera amayi a ku Ukraine ndi a kuno amene akuika ana awo m'manda.

St Petersburg anaukhazikitsa mfumu Peter the Great mu 1703 pa dambo, m'mbali mwa mtsinje wa Neva. Masana tinalowa mu Hermitage, nyumba yaikulu yosungiramo zaluso ndi zinthu zakale, tinayenda maola atatu mpaka miyendo kuwawa, ndipo tinangoona kachigawo kochepa. Potuluka tinadya ma pyshki pa kashopu kakale ka mu msewu wa Bolshaya Konyushennaya. Ndi mandasi enieni, kungoti ali ndi bowo pakati ndipo amawaza shuga wosalala. Amayi a nsalu anadya anayi anayi.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, St Petersburg

Lakhta Center tinaionera patali, tili pagombe. Ndi nyumba yaitali kuposa zonse ku Ulaya, mamita 462, nsanjika 87, likulu la kampani ya gasi ya Gazprom, ndipo imapotoka pokwera ngati lawi la moto. Poyamba ankafuna kuimanga pafupi ndi pakati pa mzinda, koma anthu a mumzindawu pamodzi ndi a UNESCO anakana kuti iwononga maonekedwe a mzinda wakale, mpaka anaisamutsira kunja kuno m'mbali mwa nyanja. Nkhani imeneyi inandisangalatsa kuposa nyumbayo.

Kenaka tinapita malo awiri amene anandikumbutsa GES-2. Oyamba ndi kachilumba ka New Holland, kumene kale ankasungirako matabwa opangira zombo zankhondo, ndipo kwa zaka zambiri munthu wamba sankaloledwa kulowa. Muli nyumba yozungulira ya njerwa imene inali ndende ya asilikali apamadzi. Lero m'zipinda zake muli malo odyera ndi mashopu a mabuku, panja pali kapinga ndi bwalo la ana lopangidwa ngati chigoba cha chombo. Achiwiri ndi Sevkabel Port, fakitale ya mawaya a magetsi imene inayamba mu 1879. Mashedi ake akale asanduka malo a zionetsero ndi nyimbo, makoma ajambulidwa zithunzi, ndipo anthu amakhala pa matabwa m'mphepete mwa madzi kuyang'ana mlatho watsopano wa zingwe. Bambo wa ku Mzuzu, amene anagwirapo ntchito m'mafakitale a ku Blantyre ali mnyamata, anayamba kuwerenga ndi zala mashedi a ku Makata ndi nyumba za njanji za ku Limbe zimene amazidziwa. "Zimenezi ifenso tili nazo," anatero, "sizofuna nsanjika 87 ayi. N'zofuna tsache, utoto ndi munthu wotsegula geti."

Usiku sitinagone. Cha m'ma 1 koloko tinali m'mbali mwa Neva pamodzi ndi chikhamu cha anthu kudikira kuti milatho itseguke. Mlatho wa Palace unagawika pakati, mbali ziwiri n'kuimirira m'mwamba pamodzi ndi mapolo a magetsi ake, kuti zombo zikuluzikulu zidutse. Kumwamba sikunade kwenikweni, kunali ngati m'bandakucha. Wotiperekeza anali ataonetsetsa kuti taima tsidya la hotelo yathu, chifukwa ukakhala tsidya lina umadikira maola angapo. Kunkazizira ngati ku Dedza mu July, ndipo zitenje za amayi zinagwira ntchito yofunda tonse.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, Kazan

Ndege yathu inachedwa maola asanu. Analengeza kuti bwalo latsekedwa kwa kanthawi, ndipo mayi wina amene anakhala pafupi nafe anatiuza motsitsa mawu kuti zimachitika akamaopa ma drone. Intaneti ya pafoni nayonso inadukaduka. Tinakhala pansi mozungulira zikwama, kugawana mabisiketi ndi mtedza wokazinga wa kumudzi. Ndikanakhala ndekha ndikanachita mantha kwambiri.

Kazan ndi likulu la chigawo cha Tatarstan, pamene mtsinje wa Kazanka umathira mu Volga, mtsinje wautali kuposa yonse ku Ulaya. Zikwangwani zalembedwa m'Chirasha ndi m'Chitata. Mkati mwa linga lakale la mzindawu, limene mfumu Ivan the Terrible analanda mu 1552, muli tchalitchi cha Orthodox ndi mzikiti wa Kul Sharif, motalikirana mtunda woyenda mphindi zochepa. Mzikitiwu ndi watsopano, unatsegulidwa mu 2005 pamene mzinda unkakondwerera zaka 1,000, ndipo unatchedwa dzina la imamu amene anafa poteteza mzindawu nthawi ya Ivan.

Achimwene a ku Mangochi akhala akuvutika ndi chakudya ulendo wonse, kufunsa paliponse ngati muli nkhumba. Lero nkhope yawo inali ina. Anavula nsapato n'kulowa kukaswali, ife tinakwera pakhonde la alendo, amayi atafunda mitu. Potuluka anali atagwirana chanza ndi agogo ena a Chitata a kapu yopetedwa. Chilankhulo sankamvana, koma moni wa Chisilamu ndi mmodzi. Anatitsogolera okha kukadya, ndipo anatigulira echpochmak, chakudya cha makona atatu chonga samusa yaikulu yophika mu uvuni, mkati muli nyama ya ng'ombe, mbatatesi ndi anyezi. Pamwamba pake tinadya chak-chak, timitanda ta ufa tokazinga tomatidwa ndi uchi.

Tsiku lachisanu ndi chitatu, Kazan ndi m'sitima

M'mawa ena anapita ku Innopolis, tawuni yatsopano ya akatswiri a makompyuta pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40. Anabwera akusimba za timaloboti ta matayala 6 timene timanyamula chakudya kuperekera anthu m'makomo, komanso kuti misewu yake inali zii, yopanda anthu. Ine ndinatsala ndi amayi ndi aphunzitsi, tinayenda m'mbali mwa nyanja ya Kaban pakati pa mzinda. Madzi ake anali oipa kwa zaka zambiri chifukwa cha zonyansa za mumzinda. Pokonza gombe anamanga timadamu totsetsereka n'kudzalamo bango ndi zomera zina za m'madzi, kuti madzi akamadutsa mizu izisefa. Pamwamba anayala njira zamatabwa. Tinaima pamenepo tikukambirana za mtsinje wa Mudi ku Blantyre, mmene amanunkhira mu October, ndipo aphunzitsi anajambula chilichonse m'kabuku kawo, ngakhale kutalika kwa masitepe.

Masana tonse tinakumana pa Kazan Family Center, nyumba yomangidwa ngati nkhali yaikulu yokhala pa mafuwa, chifukwa mawu akuti kazan amatanthauza mphika waukulu. Inatsegulidwa mu 2013 ndipo ndi kumene anthu amalembetsera maukwati. Tili padenga kuyang'ana linga tsidya la mtsinje, pansi panatuluka mkwati ndi mkwatibwi. Amayi a nsalu sanaugwire mtima, anayimba nthungululu. Anthu a ukwatiwo anayang'ana m'mwamba modabwa, kenaka mkwatibwi anaseka n'kutikweza maluwa ake, ndipo titatsika anatiitana kuti tijambulitse nawo.

Tsopano ndikulemba ndili m'sitima ya usiku yobwerera ku Moscow, ulendo wa maola pafupifupi 12. Tatenga ngolo ya platskart, yopanda zitseko, mabedi osanjikizana mbali zonse, kuti tikhale pamodzi komanso ndi yotsika mtengo. Mayi woyang'anira ngolo watipatsa nsalu zoyala ndipo watibweretsera tiyi m'matambula agalasi okhala m'zogwirira zachitsulo. Bambo wina wa Chirasha wa bedi loyang'anana ndi langa watulutsa nkhuku yowotcha, mazira owiritsa ndi nkhaka, wayala pa nyuzipepala n'kutikodola kuti tidye. Ife tamupatsa mtedza wotsala. Amayi a nsalu akuwerengetsa ma ruble amene atsala m'thumba la gulu kuti aone ngati akwanira basi ya ku bwalo la ndege mawa. Aphunzitsi adutsa kale kawiri kutiwerenga, apeza 12, ndipo tsopano agona kabuku kawo kali pachifuwa.